Nyumba ya Makalata ndi Ulemu wa Pakauntala

Ndikupempha kuti mutchere khutu kwa kanthawi, pakuti ndadza ndi nkhani ya nyumba ina imene tonse tikuidziwa, imene inamangidwa pakati penipeni pa mizinda yathu, koma imene ambiri a ife tinaleka kalekale kupondamo phazi. Ndikunena positi ofesi. Ku Blantyre ili m'mphepete mwa msewu wa Glyn Jones, ku Lilongwe ilipo ya ku Old Town ndi inzake ya ku City Centre, ndipo ku Limbe, ku Zomba ndi ku Mzuzu mwana aliyense akhoza kukulozerani pamene ili. Dzina lake likadali pakamwa pathu, pakuti tikamapangana ndi mnzathu timati tikakumane pa positi, ndipo kondakitala akamafunsa otsika timamuyankha kuti atisiye pa positi. Koma tikafikapo timaima panja, kugula nthochi kapena mayunitsi a foni kwa ogulitsa malonda amene anazinga khomo lake, ndi kupitirira ulendo wathu osasuzumira n'komwe m'kati.

Sindinabwere kudzalosera ngati positi idzakhalapobe zaka zikudzazi, pakuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ine sindine mlosi kapena mwana wa mlosi. Funso langa ndi lapafupi: kodi munthu amene akulowabe m'nyumba imeneyi lero ndani, ndipo akalowa amalandiridwa motani? Koma kuti tiliyankhe molungama, tiyenera kuyamba takumbukira kumene nyumbayi inachokera.

Ntchito ya positi m'dziko muno inayamba m'chaka cha 1891, chaka chomwecho chimene Angerezi anakhazikitsa ulamuliro wawo pansi pa Harry Johnston, ndipo phata lake linali ku Chiromo, kumene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Makalata ochokera kutsidya kwa nyanja ankatsitsidwa pa doko la Chinde, kumatsiriziro a Zambezi, n'kukwera ndi sitima zapamadzi kufikira kumene madzi analola. Ndipo kuyambira pamenepo, popeza kunalibe njanji kapena galimoto, mtolo wonse unkagwera pamutu ndi pamapewa a makolo athu. Masitampa oyamba anali obwereka kwa kampani ya British South Africa, ongodindidwapo zilembo zitatu zakuti B.C.A. Amuna onyamula makalatawo, amene tinkawatcha amtengatenga, ankavala yunifolomu yofiira, ndipo ankayenda pansi molandizana, wina kufika pamalire ake n'kupereka thumba kwa mnzake, kudutsa m'nkhalango zimene masiku amenewo munali mikango ndi akambuku, kuoloka mitsinje yodzaza m'nyengo ya dzinja, osadziwa n'komwe zimene zinalembedwa m'makalata anasenzawo, pakuti ambiri a iwo sanapite kusukulu. Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, komabe miyendo ya anthu inapitirira kugwira ntchito kwa zaka zambiri pambuyo pake. Amene mumayenda pamsewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba mudzaone pa Namaka kanyumba kakang'ono kamene kanamangidwa m'chaka cha 1941 kuti amtengatenga ochokera mbali ziwirizi azikumanirapo, kupumula ndi kusinthana matumba. Lero kanyumbako kakusungidwa monga malo a chikumbutso. Ndimati ndikakaona ndimazizwa ndi chinthu chimodzi, chakuti munthu wosadziwa kuwerenga anazindikira kuti pepala la mwini ndi chinthu chopatulika, choyenera kufika kwa mwini wake tsiku lake, ngakhale mvula igwe kapena chilombo chibangule m'thengo. Ndiponso tisaiwale kuti ngakhale makalata a mtumwi Paulo, amene timawamva m'matchalitchi Lamulungu lililonse, sakadafika ku mipingo ya ku Efeso ndi ku Kolose pakadapanda Tukiko, amene anavomera kukhala mtengatenga.

Koma nyengo imene positi inalowa m'magazi a mtundu wathu ndi ija ya maulendo a kunja, pamene anyamata a dziko lino ankapita mwaunyinji ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, dzina limene mpaka lero linatsalira pa malo okwerera mabasi ku Blantyre, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena ku malasha a ku Wankie, ena ku migodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia. Chingwe chokha chimene chinamangirira mwamuna wa ku Joni ndi mkazi wake wotsala ku Ntcheu kapena ku Mzimba chinali kalata. Munthu akaleka kulemba, kumudzi ankayamba kunong'onezana kuti uja watchona. Ndipo kalata ikafika patapita zaka, nthungululu inkamveka ngati wauka kwa akufa. Anthu a kumidzi analibe mabokosi awoawo, kotero ankalembera pa keyala ya sukulu, ya mishoni kapena ya bwalo la mfumu, ndipo mapemphero a Lamulungu akatha, mkulu wa mpingo ankaima pakhomo n'kuitana mayina a amene alandira makalata. Mayi wosadziwa kuwerenga ankamanga kalatayo kunsonga ya chitenje n'kupita nayo kwa aphunzitsi, amene pomuwerengera ankamva zinsinsi zonse za banja, za ngongole ya msonkho, za ng'ombe yoti igulidwe, za mwana woti alowe sukulu, ndipo ankayenera kuzisunga m'mtima. M'kati mwa envulopu nthawi zina munkakhala posita oda, kapepala kamene kankasanduka ndalama pokhapokha mwini wake atakaonekera pakauntala. Telegalamu inali ina: popeza ankalipiritsa liwu lililonse, uthenga wake unkakhala waufupi ndi wouma, ndipo mesenjala akaoneka nayo pakhomo, amayi ankayamba kulira asanaitsegule.

Onjezani pamenepo banki ya ku positi, kumene mlimi wa fodya, mphunzitsi ndi wantchito wa m'nyumba ankasungitsa masheleni awo, ndipo pambuyo pa 1971 matambala ndi makwacha awo, aliyense ndi kabuku kake kodindidwa chidindo pa ndalama iliyonse yolowa kapena yotuluka. Onjezani ophunzira a Malawi Correspondence College, sukulu yophunzitsa mwa makalata imene inatsegulidwa m'chaka cha 1965, amene maphunziro awo ankabwera m'envulopu ndipo mayankho awo ankabwerera m'envulopu. Onjezani amayi a pulogalamu ya Zokonda Amayi, amene moni wawo unkafika pawailesi utayenda m'thumba la positi. Ndi anthu a pachilumba cha Likoma, amene ankadikira sitima ya Ilala kuti iwabweretsere uthenga wa abale awo. Pamenepo mudzaona chifukwa chake positimasitala anali munthu wolemekezeka m'boma lililonse, wokhala pampando wa kutsogolo pa zochitika.

Sindikufuna kukunamizani kuti kale zonse zinali zokoma. Mzere unali wautali, makamaka kumapeto a mwezi, ndipo akalaliki ena a masiku amenewo, podziwa kuti munthu analibe kwina kopita, ankayankhula ndi anthu akumudzi monga olamula, kuwakalipira chifukwa cholemba fomu molakwa m'chinenero chimene sanachiphunzire. Mwano wa pakauntala ndi wakale ndithu; unabadwa m'masiku amene munthu wakuda ankagulira zinthu pazenera m'masitolo ena a m'tauni, ndipo ufulu utabwera, ena a ife tinalowa m'malo mwa mzungu pamodzi ndi nkhope yake yomwe. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku amenewo kalata inkafika, chidindo chinali ndi inki, ndipo koloko ya pakhoma inkanena zoona.

Tsono chinachitika n'chiyani? M'chaka cha 1998 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la zamauthenga, limene linabala bungwe la MACRA loyang'anira ntchito zimenezi, ndipo pofika chaka cha 2000 positi ndi matelefoni, zimene zinali banja limodzi kuyambira kale, zinalekana: matelefoni anapita ku Malawi Telecommunications Limited, makalata anatsala ndi Malawi Posts Corporation. Banki ija inali itapatuka kale n'kukhala Malawi Savings Bank, imene boma linadzaigulitsa ku banki ya FDH m'chaka cha 2015. Zinali ngati ng'ombe yaphedwa pamudzi, abale agawana chiwindi, nthiti ndi miyendo, ndipo mmodzi wapatsidwa chikopa ndi nyanga n'kuuzidwa kuti adyetse nazo alendo onse obwera. Pamwamba pa izo panadza foni ya m'manja, imene inapha telegalamu ndi kalata ya moni tsiku limodzi. Panadza Airtel Money m'chaka cha 2012 ndi Mpamba wa TNM chaka chotsatira, kotero kuti ndalama imene kale inkayenda sabata yathunthu tsopano imafika munthu asanatsitse foni kukhutu. Panadzanso makampani onyamula katundu ndi mabasi amene amalandira phukusi m'mawa ku Blantyre n'kulipereka madzulo ku Lilongwe. Aliyense amene anali ndi njira ina anachoka. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga: amene anatsala pamzere wa positi, ambiri a iwo ndi anthu amene alibe njira ina.

Taonani amene aima pamenepo. Pali mnyamata womaliza sukulu amene wagwira envulopu ya khaki, m'kati muli kalata yofunsira ntchito ndi makope a masatifiketi ake, pakuti malo ambiri a ntchito, makamaka a boma, amafunabe kuti pempho lifike kudzera ku P.O. Box kapena Private Bag lisanakwane tsiku lotsekera. Pali mlembi wa mpingo wodzatsegula bokosi limene anthu a midzi ingapo amadalira. Pali mayi wamasiye wotumiza mapepala a chuma cha malemu mwamuna wake mwa kalata ya rejisitala, chifukwa akufuna lisiti losonyeza kuti anatumizadi. Pali mtsikana woyamba kabizinesi, amene anaitanitsa katundu wochepa pa intaneti kuchokera ku China ndipo sangathe kulipira mtengo wa makampani akuluakulu a ndege. Pali nkhalamba imene mwana wake ali ku Johannesburg kapena ku Manchester. Kwa anthu otere kuchedwa kwa sabata imodzi ndiko kutaya ntchito, kuluza mlandu kapena kugona ndi njala.

Ndiloleni ndikuuzeni zimene ndinaona m'positi ofesi ina ya mumzinda wina, imene sindiitchula dzina, pakuti sindinabwere kudzachititsa munthu manyazi pamaso pa dziko. Nyumbayo ndi yaikulu ndi yomangidwa bwino, ya makoma ochindikala, yosonyeza kuti amene anaimanga ankayembekeza khamu la anthu. Pokwera pakhomo pali masitepe okhaokha, kotero kuti woyenda pa njinga ya olumala ayenera kuchita kunyamulidwa. M'kati, mazenera a kauntala ali mndandanda kuchokera kukhoma kufika kukhoma, lililonse ndi chikwangwani chake chofufuma, koma lotsegula linali limodzi. Denga linali ndi mabanga a mvula ya zaka zambiri, ndipo pakona panali ndowa yolandira madzi odontha. Koloko inali itaima. Pepala la mitengo ya masitampa linali lakale kwambiri, loti wina anafufuta manambala ndi cholembera n'kulembapo ena, winanso n'kufufuta amenewo, mpaka munthu sakadatha kudziwa mtengo weniweni popanda kufunsa. Cholembera cha anthu onse panalibe, panangotsala kachingwe kamene kanachimangirira. Guluu womatira panalibe. Benchi yokhalapo panalibe. Chimbudzi chinali chokhoma, kiyi ali ndi munthu amene anali atatuluka. Kunja, kumene kuli mabokosi a makalata, tizitseko tambiri tinali tothyoka, tina tomangidwa ndi waya, ndipo babu la pakhondepo linali litapsa, kotero kuti wodzatsegula bokosi madzulo ankachita kuunikira ndi foni.

Patsogolo panga panali bambo wachikulire wovala jekete yotsukidwa bwino ngakhale yakale, atagwira kakhadi kamene anakapeza m'bokosi la mpingo wawo, komudziwitsa kuti kwabwera phukusi lake kuchokera kwa mwana wake wamkazi amene ndi namwino ku Britain. Atafika pazenera anavula chipewa, napereka moni, koma mnyamata wa kuseri kwa galasi, maso ali pa foni yake, anangoloza ndi chibwano kuti za maphukusi n'zakuseri. Kuseriko anauzidwa kuti wa kiyi wa chipinda cha maphukusi wapita ku nkhomaliro. Atadikira chiimire mpaka wa kiyi uja atabwera, anauzidwa kuti phukusi lochokera kunja silituluka wa kasitomu asanalione, ndipo wa kasitomuyo sanabwere tsiku limenelo. Bamboyo anati, mwaulemu wonse, “Pepani bwana, ine ndachokera kutali, ndakwera maminibasi awiri, ndipo ndalama ya ulendo wina ndilibe. Kodi palibe chimene mungandichitire?” Yankho linali lakuti, “Madala, tanena kale, mubwere mawa.” Mawu amenewa, akuti mubwere mawa, ndi opepuka pakamwa pa wowanena, koma sanalembedwe pa kakhadi kaja, ndipo palibe amene anafunsa kuti mawawo adzagulidwa ndi ndalama ya yani.

Nkhaniyi sinathere pamenepo, ndipo ndikadachimwa ndikadabisa mbali yake yachiwiri. Mayi wina wogwira ntchito pomwepo, wa msinkhu woti posachedwa apuma pantchito, anamva zonsezi ali pa desiki yake, nadzuka, natulutsa mpando wake womwe kunja kwa kauntala. “Agogo, takhalani apa, ndione kakhadi kanuko,” anatero. Anakawerenga, analowa m'chipinda chija kukatsimikiza ndi maso ake kuti phukusilo lilipodi, anaimbira wa kasitomu ndi mayunitsi a foni yake, ndipo atamva ola limene adzapezeke, analilemba kuseri kwa kakhadi pamodzi ndi zonse zoyenera kubwera nazo: chiphaso cha unzika ndi ndalama ya malipiro a phukusi. Kenaka anawafotokozera kuti ngati ulendo uwavuta, akhoza kulemba kalata yololeza mdzukulu wawo wokhala m'tauni kudzawatengera. Bamboyo sanatenge phukusi lake tsiku limenelo, komabe anatuluka akuwomba m'manja, akunena kuti, “Mayi, Mulungu akusungeni.” Denga linali lomwelo lodontha, malipiro a mayiyo anali ofanana ndi a mnzake uja, ndipo lamulo la kasitomu silinasinthe, koma chimene anapatsa nkhalambayo chinali mpando, choonadi ndi ola lenileni.

Tsono ndisaweruze akalaliki mopanda chifundo, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Munthu amene wakhala zaka zambiri m'nyumba yodontha, akuona anzake akuchotsedwa ntchito, mazenera akutsekedwa limodzi limodzi, sikelo itawonongeka osakonzedwa, kompyuta ikuzima pamodzi ndi magetsi, mtima wake umafooka, ndipo amayamba kudziona ngati mlonda wa manda. Nyuzipepala zathu zalembapo kangapo za kuchedwa kwa malipiro a ogwira ntchito ku positi, ndipo n'kovuta kumwetulira mlendo pamene mwininyumba wakuopseza m'mawa womwewo kuti akutulutsira katundu panja. Pamene kalaliki anena kuti netiweki palibe, kawirikawiri amanena zoona. Pamene anena kuti chenje palibe, si iye amene amasunga thumba la ofesi. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, amatero akuluakulu. Koma kuno zatembenuka, pakuti nkhuyu anadya ndi akuluakulu a m'maofesi apamwamba, ndipo wopotedwa m'mimba ndi mwana wa pakauntala, amene amalandira matemberero onse a anthu. Ifenso makasitomala tili ndi zathu. Timalemba keyala yopereweza n'kumadzudzula positi kuti yataya kalata. Timaleka kulipira lendi ya bokosi chaka chonse, n'kudabwa tikalipeza lotsekedwa. Ena timalowa osapereka moni, n'kuponya envulopu pakauntala monga tikuponyera kapolo.

Komabe, ngakhale titavomereza zonsezi, pali zinthu zimene sizidikira ndalama ya boma. Moni sagula. Kunena zoona kwa munthu, kuti kalata yanu yopita ku Karonga itenga masiku akutiakuti, ndipo ngati ili yofulumira itumizeni pa EMS pa mtengo wakuti, sikufuna bajeti ya nyumba ya malamulo. Kusinthana nthawi ya nkhomaliro, kuti zenera lisatsekedwe pa ola lokhalo limene wantchito wa m'tauni angathe kuthawako ku ntchito kwake, n'nkhani ya positimasitala ndi anthu ake. Kulemba pa kakhadi ka phukusi masiku ndi maola amene wa kasitomu amapezeka, kupachika mitengo yatsopano m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao monga mwa dera, kuika benchi imodzi ya okalamba ndi amayi oyembekezera, kugula batire la koloko: zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa msonkhano umodzi wa kunyanja. Ndipo ndikhulupirira kuti zing'onozing'ono zimenezi ndizo zimauza munthu ngati akumuyesa mlendo kapena chosokoneza. Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka; makasitomala a positi akamuka kale ambiri, ndipo otsalawo akapeza njira ina sadzatsanzika.

Zina n'zoona zimafuna chuma: denga, magetsi a dzuwa kuti kompyuta isazime, galimoto zonyamula matumba, makina olondolera phukusi kuti mwini adziwe pamene lafika. Pamenepa wina angafunse kuti, nanga bwanji osangoisiya positi ife imfa yake, popeza tsobola wakale sawawa ndipo amalonda ena akugwira kale ntchitoyo? Yankho lake lili m'chiyambi cha positi ya masiku ano. M'chaka cha 1837, ku England, Rowland Hill atawerengera bwino anapeza kuti mtengo weniweni wonyamula kalata imodzi ulendo wautali ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito yoilandira, kuiwerengera ndi kuipereka. Motero anakopa boma kuti, kuyambira m'chaka cha 1840, kalata iliyonse ya kulemera kofanana ilipiridwe peni imodzi, kaya ikupita pafupi kaya kutali, ndipo wolipira akhale wotumiza mwa kumata sitampa. M'chaka cha 1874, mumzinda wa Bern ku Switzerland, mayiko anapangana pangano limene linabala Universal Postal Union, lakuti pa nkhani ya makalata dziko lonse lapansi liyesedwe dera limodzi, ndipo positi ya dziko lililonse ipereke makalata ochokera kwa anzake monga akeake. Lero bungweli lili ndi mayiko 192, Malawi analowamo m'chaka cha 1966, ndipo pa 9 Okutobala chaka chilichonse timakumbukira tsiku la positi. Tanthauzo la pangano limeneli kwa ife ndi ili: wamalonda amapita kumene kuli phindu, ndipo palibe angamudzudzule akakana kukwera mapiri a Misuku kapena kutsikira ku Marka chifukwa cha envulopu imodzi, koma positi inalumbira kufika konse, ndi kulipiritsa wa ku Chitipa monga wa ku Limbe. Tikaitaya, wolemera wa mumzinda sadzamva kanthu, koma wa kumudzi adzadulidwa mwendo.

Ndiponso sizoona kuti ntchito yatha. Makalata a moni achepa, koma maphukusi akuchuluka padziko lonse chifukwa cha malonda a pa intaneti, ndipo ana athu amene ali ku South Africa, ku Britain ndi ku Ireland sanaleke kutumiza zinthu kwawo. Boma linayesapo kusandutsa mapositi ofesi a ku Lilongwe ndi ku Mangochi kukhala malo otchedwa Mlambe, kumene munthu angapeze ntchito zingapo za boma pansi pa denga limodzi m'malo moyendayenda m'maofesi. Maganizo amenewo ndi anzeru, pakuti nyumba zilipo kale m'maboma onse ndi m'malo ambiri a malonda, ndipo anthu akudziwa njira yake. MACRA nayonso yakhala ikugwira ntchito yopatsa misewu mayina, nyumba manambala ndi madera manambala a positi, kuti tsiku lina katundu azifika pakhomo pa munthu m'malo mwa bokosi. Koma ndinene mosabisa kuti zonsezi zidzagwa m'manja mwa anthu omwewo a pakauntala, ndipo ngati chizolowezi cha mubwere mawa sichichoka, tidzangochulukitsa mazenera amene munthu angabwezedwepo.

Kwa inu omvera amene mumagwiritsabe ntchito positi, ndikuti musamachoke chinunu mukalakwiridwa, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kalata ya mtengo wapatali muzitumiza mwa rejisitala, ndipo lisiti lake mulisunge kufikira mutamva kuti yafika. Ikasowa kapena phukusi likafika lotsegulidwa, pemphani kuonana ndi positimasitala, mulembe dandaulo lanu papepala ndi tsiku lake, ndi kusunga kope. Ngati simuthandizidwa, MACRA ili ndi udindo womva madandaulo a anthu pa ntchito za positi monga imamvera a mafoni. Ndipo mukakumana ndi kalaliki wonga mayi uja, lembaninso kalata yomuyamikira kwa akulu ake, pakuti m'maofesi athu mafaelo a zolakwa ndi onenepa, koma a zabwino mulibe kanthu, ndipo pokweza anthu pantchito amayang'ana zimene zinalembedwa.

Kwa inu a positimasitala a m'mizinda yathu, pempho langa ndi limodzi, ndipo silifuna chilolezo cha ku likulu. Tsiku lina lakumapeto a mwezi, nthawi ya nkhomaliro, mutuluke m'chipinda chanu podzera khomo la kuseri, muzungulire nyumbayo, mukwere masitepe a kutsogolo monga achitira anthu onse, muime kumapeto a mzere ndi envulopu m'manja, ndipo muyese kupeza mtengo wa sitampa, cholembera, pokhala ndi chimbudzi popanda kuuza aliyense kuti ndinu yani. Zimene mudzapeze muzilembe, ndipo Lolemba lotsatira muziwerenge pamaso pa antchito anu onse musanatsegule zitseko.